Nkhope ya Nkhalamba

Ku London, m'dziko la England, kuli nyumba yosungiramo zithunzi, dzina lake National Gallery. M'menemo muli zithunzi ziwiri za munthu mmodzi. Anazijambula yekha ndi utoto, akudziyang'ana pa galasi. Munthuyo ndi Rembrandt.

Rembrandt anabadwa m'caka ca 1606 ku Leiden, m'dziko la Holland. Atate ake anali ndi cigayo coyenda ndi mphepo. Masiku amenewo kunalibe makina ojambulira. Wofuna cithunzi ankapita kwa mmisiri wa utoto.

Cithunzi coyamba ndi ca 1640. Rembrandt ali ndi zaka 34. Wabvala zobvala za mtengo wapatali, ndipo watsamira mkono pa kakhoma ngati mfumu. Anthu olemera a mumzinda wa Amsterdam ankamlipira bwino. Anali atagula nyumba yaikulu.

Koma m'nyumbamo maliro sankatha. Mkazi wake Saskia anabala ana anai, atatu anamwalira ali makanda. Saskia anamwalira mu 1642. Mu 1656 Rembrandt analephera kubweza ngongole. Katundu wake anagulitsidwa, nyumbanso inapita. Mu 1668 anaika maliro a Titus, mwana wa Saskia amene anatsala.

Cithunzi caciwiri ndi ca 1669. Tsopano ali ndi zaka 63. Malaya ndi odera, manja wawafumbata pamodzi. Kumbuyo kwake kuli mdima, kuwala kwagwera pa nkhope. Tsitsi ndi la imvi. Pamphumi pali makwinya, masaya agwa. Koma maso akutiyang'ana osacita manyazi. Anamwalira caka comweco, pa 4 Okutobala, ndipo manda ake analibe mwala wa dzina.

Tiyeni tiganize. Utoto unali m'manja mwake. Akanafuna, akanafafaniza makwinya onse, nadzijambula ngati mnyamata. Sanatero. Anajambula zoona. Cuma cinatha, abale ambiri anatha, koma dzanja silinaleke nchito. Lero anthu ambiri amati zithunzi za ukalamba wake ndizo zopambana.

Ifenso kuno ku Furancungo tili nazo nkhope zotere. Agogo athu anaona cibalo ca atsamunda. Anaona ufulu mu 1975. Ambiri anathawira ku Malawi pa nkhondo, nabwerera mtendere utadza mu 1992. Zonsezi zinalembedwa pa nkhope zao. Ndi cifukwa cake timati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto.

Ena amati, "Ndakalamba, pensulo ndi ya ana." Ai, agogo. Rembrandt anagwira nchito mpaka caka ca imfa yake, ndipo nkhope yake tikuidziwa. Inu mukapanda kulemba, zimene munaona zidzapita nanu ku manda. Bwerani, tiyambe ndi dzina lanu.

Tikambirane:
1. Zithunzi ziwirizi zikusiyana bwanji?
2. Ndani wamkulu m'mudzi mwathu amene mbiri yake tingailembe?