Wophunzira ndi womuperekeza: mbiri ya maphunziro a achinyamata ku Chiponde

Chiponde, amene ali pa malire a Malawi ndi Mozambique m'boma la Mangochi, moyang'anizana ndi tauni ya Mandimba ya m'chigawo cha Niassa, amadziwika kwambiri ndi malonda, kabaza ndi osintha ndalama za kwacha ndi metikali, koma mbiri ya maphunziro a achinyamata a kumeneko njakale kuposa malirewo. Sukulu ya masiku ano inafika pambuyo pa njira zina ziwiri zolerera mwana, zomwe ndi chinamwali ndi madrasa, ndipo chimene chimasiyanitsa njira zakalezi ndi sukulu n'chakuti mwa izo wophunzira sankasiyidwa yekha ndi mantha ake.

Pakati pa Ayao, amene ndiwo ochuluka m'derali, anyamata amapita ku jando, mwambo wa mdulidwe ndi malangizo, pamene atsikana amavinidwa nsondo, ndipo zonsezi zimachitika anthu akakolola. Ku ndagala, komwe ndi kumsasa wakutchire kumene anamwali amagonera, kumakhala ngaliba wodula, nakanga woyang'anira mwambo wonse, komanso alombwe, amene ndi aphungu operekeza anamwali. Lombwe ndiye ankaona chilonda cha mwana, kumubweretsera chakudya, kumubwerezera nyimbo ndi malangizo mpaka atazigwira, ndiponso kumukhazika mtima pansi usiku akagwidwa ndi mantha kapena akapukwa kwawo. Sikoyenera kukometsera zonse za kundagala, pakuti kunalinso kukwapulana ndi kuopsezana, ndipo malangizo ena a kunsondo akhala akudzudzulidwa chifukwa chofulumizitsa atsikana kuganiza za banja. Komabe mfundo yakuti mwana amene akuphunzira chinthu chovuta ayenera kukhala ndi wamkulu womudziwa bwino pambali pake inali yanzeru zakuya.

Chisilamu chinazika mizu kudzera m'malonda a kugombe la nyanja ya mchere, makamaka mfumu Makanjira italowa chipembedzochi cha m'ma 1870, ndipo chinapitirira kufalikira ngakhale Angerezi atagonjetsa mfumu Jalasi paphiri la Mangochi mu 1895. Masheikh monga Abdallah bin Haji Mkwanda ndi Thabit bin Muhammad Ngaunje anaphunzitsa anthu ambiri amene anakatsegula madrasa m'midzi, kumene ana ankakhala pamkeka mozungulira mwalimu, kutanthauza mphunzitsi, aliyense atafungatira ubao, thabwa losalala lolembapo mavesi a Korani. Mwana ankawerenga mokweza, kubwereza pamodzi ndi anzake, kukalakatula pamaso pa mwalimu, ndipo thabwalo linkatsukidwa pokhapokha ndime yolembedwayo italowa m'mutu, kotero kuti ankaphunzira pang'onopang'ono, kudziyesa yekha tsiku ndi tsiku, ndi kupitirira pa liwiro la iye mwini. Ofufuza za maphunziro masiku ano amavomereza kuti kukumbukira chinthu buku litatsekedwa, ndi kuchibwereza patapita masiku, kumathandiza kuposa kungowerenga tsamba lomwelo kambirimbiri.

Sukulu zoyamba za m'nthawi ya atsamunda zinali m'manja mwa amishoni, ndipo makolo ambiri achisilamu ankakana kutumizako ana poopa kuti akabatizidwa, kusintha maina ndi kudya zoletsedwa, mantha amene anachititsa kuti boma la Mangochi litsalire m'mbuyo pa maphunziro kwa zaka zambiri. Zinthu zinasintha kwambiri mu 1994 pamene boma la Bakili Muluzi linathetsa fizi kupulayimale, ndipo chiwerengero cha ana m'dziko lonse chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha pa 3 miliyoni, aphunzitsi ndi zipinda zophunziriramo zisanakwane. Mu 1998 malo ophunzirira maphunziro a patali a MCDE anasandutsidwa sekondale zoyendera za m'madera, zotchedwa CDSS, zimene zinatsegulira khomo ana ambiri akumidzi.

Khomolo linabwera ndi mtolo wake. Mwana wa ku Chiponde amayankhula Chiyao kunyumba, amaloweza Chiarabu kumadrasa, amakumana ndi Chichewa m'kalasi, kenaka amalemba mayeso a MANEB m'Chingerezi, ndipo akalephera kumvetsa funso kawirikawiri amadziona ngati mbuli, chonsecho chamuvuta ndi chiyankhulo osati nzeru. Amene kwawo n'kutali amachita lendi kachipinda pafupi ndi sukulu, moyo umene ophunzira amautcha selofu, ndipo kumeneko mtsikana wa Fomu 4 amadziphikira, kutunga madzi, kuwerengera ufa wotsala m'thumba, kenaka n'kutsegula kope pa kuwala kwa koloboyi kapena tochi, nthawi zina mapazi atawaviika m'beseni la madzi ozizira kuti tulo tisamube. Kuwerenga kotereku kumaoneka ngati khama, koma mutu wosagona susunga zimene wawerenga, ndipo nkhawa imakula poti palibe lombwe woti amuuze. Kwa anyamata palinso chikoka cha ku Joni, chifukwa mnzawo amene anasiyira sukulu panjira akabwera kuchokera ku South Africa ndi njinga yamoto ndi malata, zaka zinayi za sekondale zimaoneka zotalika kwambiri. Sukulu zitatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, Mangochi inali m'gulu la maboma amene atsikana ambiri anatenga mimba ndi kulowa m'banja, ngakhale kuti Malamulo a dziko anali atasinthidwa mu 2017 kuti ukwati uziyambira pa zaka 18.

N'zochititsa chidwi kuti njira zimene zikuthandiza lero zikufanana ndi zakale zija. Ndondomeko ya mu 1993 yolola mtsikana wobereka kubwerera kusukulu imagwira ntchito makamaka kumene magulu a amayi oyang'anira atsikana amayendera mwanayo pakhomo, kukambirana ndi makolo ake ndi kumuperekeza kwa ahedi kuti asachite manyazi. M'sekondale, magulu owerengera limodzi amasonkhanitsa ophunzira ochepa masana kuti azifunsana mafunso ndi kufotokozerana, nthawi zambiri m'Chiyao, zimene mphunzitsi ananena m'Chingerezi, ndipo mafumu ena a m'bomali amalamula kuti ndagala zizitsekedwa teremu isanayambe, kuti namwali atuluke ndi kukapeza anzake m'kalasi tsiku loyamba.