Khomo Lakale la Dziko Lathu Lili Kuchigwa cha Shire

Ambirife dzina la Chikwawa kapena Nsanje timalimva pa wailesi madzi akasefukira basi. Ena timangodziwako za kutentha ndi nzimbe. Komatu kwa zaka zoposa 50, pafupifupi chilichonse cholowa m'dziko muno kuchokera kunyanja yamchere chinkadzera kumeneko: nsalu, mfuti, Baibulo, mbendera ya Mngelezi. Loweruka lapitali ndinauyenda msewu wa M1 pa njinga yamoto kuchoka ku Blantyre mpaka ku Nsanje, makilomita pafupifupi 180, kuti ndikaone chomwe chinatsala pa khomo limeneli.

Ndinanyamuka m'mamawa kuthawa dzuwa. Ukamatsika mapiri a ku Thabwa, chigwa chonse chimaonekera pansi, Shire akung'anima pakati pa minda. Msewu ndi wokhotakhota, dzanja silichoka pa buleki. Chitunda chomwechi ndi chimene amtengatenga ankakwera ndi katundu pamutu, kuchokera padoko la kwa Katunga kupita ku Mandala. Ine ndinatsika mphindi zochepa chabe, iwo ankatuluka thukuta masiku.

Nditawoloka mlatho wa Kamuzu ndinakhotera ku Kapichira, kufupi ndi nkhalango ya Majete. Apa mpamene sitima ya David Livingstone, Ma Robert, inalephera kupitirira mu Januwale 1859. Mathithi amenewa ndi amene anapangitsa kuti Chikwawa akhale malo ofunika: sitima zimathera pompa, katundu nkusamukira pamitu ya anthu. Lero pali makina opangira magetsi, omwe namondwe Ana anaononga mu Januwale 2022 dziko lonse nkumakhalira kuzimazima kwa magetsi.

Livingstone atachoka mu 1864, ena mwa anyamata omwe anabwera nawo kuchokera kumtunda kwa Zambezi, Amakololo, anatsalira konkuno. Anali ochepa, koma anali ndi mfuti, ndipo anapeza Amang'anja atafooka ndi njala ya 1862 ndi 1863 komanso nkhondo za ogwira akapolo. Pasanathe zaka zambiri anaphwanya mphamvu za Lundu nkukhala mafumu. Mayina a Kasisi, Katunga ndi Maseya omwe timawamva lerowa anachokera kumeneko. Mtsinje unali m'manja mwawo. Mu 1884 mzungu wina wamalonda, George Fenwick, atawombera mfumu Chipatula, anthu ake anamupha iyeyo nkumizanso sitima ya Lady Nyassa. Wofuna kudutsa pa Shire ankayenera kuyamba wagwirizana nawo.

Kuchoka apo ndinalowera kummwera. Ku Nchalo nzimbe zili mbali zonse, mathirakitala ndi akabaza akulimbirana msewu. Chakum'mawa kuli dambo lalikulu la Elephant Marsh, lomwe Livingstone analitcha choncho ataonako njovu zambirimbiri. Njovuzo zinatha kalekale, kwatsala mbalame, ng'ona ndi asodzi. Ndinaima pa Ngabu kumwa madzi, mbuzi zikubisala pansi pa mitengo, kenako ulendo wa ku Bangula.

Pa Bangula mpokhotera ku Chiromo, pomwe Ruo amathira mu Shire. Kufupi ndi pamenepa mpomwe Bishopu Charles Mackenzie wa mishoni ya ku Magomero anafera ndi malungo pa 31 Januwale 1862. Mpomwenso malire athu anabadwira. Mu Novembala 1889 asilikali a Mpwitikizi Serpa Pinto anamenyana ndi Amakololo a mfumu Mlauli nkupha ambiri. John Buchanan anali atalengeza kale kuti dera la Amakololo lili pansi pa chitetezo cha Britain, ndiye mu Januwale 1890 boma la ku London linauza Portugal kuti ichotse asilikali ake. Pangano la 1891 linaika Ruo kukhala malire. Amang'anja ndi Asena a tsidya lino ndi tsidya lija sanafunsidwe, anangozindikira kuti ali m'maiko awiri.

Chiromo linali doko lenileni, sitima zochokera ku Chinde, pomwe Zambezi amathira m'nyanja, zinkakocheza pomwepo. Koma madzi a Shire anayamba kuchepa, sitima nkumatitimira mumchenga. Nchifukwa chake njanji yomwe inafika ku Blantyre mu 1908 inayambira kumunsi, ku Port Herald, komwe lero ndi Nsanje. Madzi anapitirirabe kutsika, ndipo mu 1915 njanji anaitalikitsa mpaka ku Chindio, m'mphepete mwa Zambezi. Mlatho wa Dona Ana utatsegulidwa mu 1935, katundu ankangodutsa pa sitima yapamtunda mpaka ku Beira. Mu 1970 njanji ya ku Nacala inatsegulidwa, yodzera ku Liwonde, kutali ndi chigwa. Kenako madzi osefukira a 1997 anadula njira ya pakati pa Bangula ndi Chiromo. Pamalopo anthu amawoloka pa mabwato, ndipo dzina lake lokha likukuuzani zonse: Mtayamoyo. Ine ndinangoima m'mphepete kuonerera anyamata akukweza njinga ndi matumba a chimanga m'bwato, nkubwerera ku M1.

Ku Nsanje ndinafika masana dzuwa likuswa mtengo. Ndinapita padoko lomwe Pulezidenti Bingu wa Mutharika anatsegulira mu Okutobala 2010. Khoma la simenti lilipo, lalitali ndithu, koma sitima palibe. Yomwe inkayembekezeka pa mwambowo inaimitsidwa ku Mozambique, boma la kumeneko likunena kuti payambe pachitika kafukufuku wa zachilengedwe. Anthu ambiri amaseka dokoli. Ine sindinaseke, chifukwa maganizo ake anali ndi mutu: dziko lopanda gombe la nyanja yamchere limalipira ndalama zambiri pa mafuta ndi feteleza, ndipo katundu wapamadzi ndi wotchipa. Chomwe chinaiwalika ndi zinthu ziwiri zomwe zinagwetsa Chiromo ndi Port Herald kale: kuya kwa Shire kumasintha, ndipo potulukira pake pali m'dziko la eni.

Chapafupi ndi boma la Nsanje pali nkhalango ya Khulubvi, kachisi wa Mbona, komwe Amang'anja akhala akupempha mvula kwa zaka mazanamazana Livingstone asanabadwe. Madoko atatu anadza nkufa, koma kumeneko nsembe ikuperekedwabe.

Ngati muli ndi njinga yamoto ndi mafuta okwana, pitaniko miyezi ya Juni kapena Julayi kukamazizirako. Nyamukani m'mawa, tengani madzi ambiri, ndipo mukwere Thabwa kusanade. Mukakafika pa Bangula mukafunse achikulire za nthawi yomwe sitima inkadutsa pa mlatho wa Chiromo. Adakalipo omwe anaikwera, koma akutha.