Mbiri ya Kusunga Makope a Zolembedwa ndi Kubwezeretsa Kompyuta M'Malawi

Vuto la kutayika kwa zolembedwa linayamba kale kompyuta zisanafike m'Malawi, pakuti mu 1919 moto unapsereza likulu la maofesi a boma la atsamunda ku Zomba, ndipo makalata ambiri a zaka zoyambirira za Nyasaland anathera pomwepo. Ofufuza mbiri ya madera monga Fort Johnston, kumene lero ndi ku Mangochi, amadalira kwambiri makope amene anatumizidwa ku London ndiponso zolemba za amishoni, zomwe zinapulumuka chifukwa zinali kutali ndi motowo. Nyumba yosungira zolembedwa zakale za boma inadzatsegulidwa ku Zomba mu 1947.

Kompyuta zinabwera ndi vuto lomweli m'maonekedwe ena. Kampani ya IBM inatulutsa disiki yoyamba yosungira mafayilo mkati mwa makina mu 1956, kenaka disiki yonyamulika mu 1971, ndipo pamene kompyuta zinayamba kufala m'maofesi a m'dziko muno, alembi ankakopera ntchito yawo pa timadisiki tonyamula mamegabaiti 1.44 okha, timene tinkafa msanga ndi fumbi, kutentha ndi chinyontho cha kunyanja. Pambuyo pake kunabwera ma CD ndi mafulashi, koma kukopera mafayilo pakokha kunali kosakwanira, chifukwa disiki ya mkati ikawonongeka, mapulogalamu onse ankayenera kuikidwanso limodzilimodzi. N'chifukwa chake Windows 7, ya mu 2009, inali ndi njira yojambulira chifanizo cha disiki yonse pamodzi ndi CD yokonzera makina, ndipo Windows 8, ya mu 2012, inalola kuti chida chokonzeracho chikhale pa fulashi. Kompyuta ikakana kuyaka bwino, katswiri amaiyatsira pa fulashiyo m'malo mwa disiki yowonongeka, kenaka amalemba chifanizo chija pa disiki yatsopano, ndipo makinawo amabwerera mmene analili tsiku limene chifanizocho chinajambulidwa.

M'zipatala, bungwe la Baobab Health linayamba kulemba odwala pa kompyuta ku chipatala chachikulu cha ku Lilongwe mu 2001, ndipo podziwa kuti magetsi amazimazima, linalumikiza makina ake ku mabatire ndi kusindikiza timapepala tomata m'buku la kuchipatala la wodwala, kotero kuti bukulo linasanduka kope lachiwiri loyenda ndi mwini wake. Kufunika kwa nzeru yotere kunaoneka pamene namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, komanso mu 2024 pamene madzi a nyanja ya Malawi anakwera n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ambiri a m'mbali mwa nyanja ku Mangochi. Ofesi ya ku Makokola kapena ku Monkey Bay imene imasunga kompyuta ndi kope lake m'chipinda chimodzi ikhoza kutaya zonse ziwiri ndi madzi, mphezi kapena akuba pa usiku umodzi.

Ngozi zina zimachokera kwa anthu. Pa nkhani ya kubedwa kwa ndalama za boma yotchedwa Cashgate mu 2013, zolembedwa za malipiro ena zinafufutidwa dala m'makina owerengera ndalama za boma otchedwa IFMIS, ndipo mu Febuluwale 2024 Pulezidenti Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti kusindikiza mapasipoti kunaima chifukwa akuba a pa intaneti analanda makina a mapasipotiwo ndipo ankafuna dipo. Boma linali litatsegula kale malo aakulu osungira zinthu za pa kompyuta ku Blantyre mu 2022, koma nyumba yotere imathandiza pokhapokha ngati makope akutumizidwako kawirikawiri.

Akatswiri masiku ano amalangiza makope atatu, osungidwa pa zida za mitundu iwiri, limodzi mwa iwo likhale kutali ndi ofesi kapena pa intaneti, ndipo amaonjezera kuti kope liziyesedwa pobwezeretsa kompyuta ina ngozi isanagwe, popeza fulashi yokonzera imene sinayesedwepo ikhoza kukanika pa tsiku lenileni limene ikufunika.