Khasu Lobwereka: Mbiri ya Git

M'chaka cha 1991 Linus Torvalds, wophunzira pa yunivesite ya Helsinki ku Finland, anayamba kulemba pulogalamu ya Linux, naitana aliyense wofuna kuti athandizeko. Anthu a m'maiko ambiri anamtumizira zokonza zawo m'makalata a pakompyuta, ndipo ntchito inakula kufikira inamlemera.

Tsono m'chaka cha 2002 iye anatenga BitKeeper, chida chosungira mbiri ya zokonzazo. Koma khasulo linali lobwereka, pakuti mu Epulo 2005 eni ake, a kampani ya BitMover, analengeza kuti salibwereketsanso mwaulere. Pamenepo Torvalds anasula khasu lakelake, nalitcha Git. Nzeru yake inali yakuti wothandiza aliyense asunge mbiri yonse pakompyuta yake, kuti pasakhale munthu mmodzi wotha kutseka nkhokwe.

Komabe GitHub itatsegulidwa mu 2008, ambiri anatutiranso zokolola zawo m'nkhokwe imodzi, popeza kutero nkosavuta. Nkhokweyo inagulidwa ndi Microsoft mu 2018 pa mtengo wa madola 7.5 biliyoni. Koma osamala Linux akali kulandira zokonza zambiri m'makalata kufikira lero.