Tchalitchi Chomwe Chinasanduka Chigono

Tikamakamba za Johannesburg timangokumbuka migodi ndi Wenela. Ine ndimakumbukanso tchalitchi cha Central Methodist pa msewu wa Pritchard, pomwe Bishopu Paul Verryn anatsegulira zitseko anthu othawa njala ndi nkhanza ku Zimbabwe. Ankagona m'makonde, pa masitepe, ngakhale pakati pa mabenchi, nthawi zina oposa 2,000.

Mu Januwale 2008 apolisi analowamo usiku n'kumanga mazanamazana. Pofika Meyi, zipolowe zodana ndi alendo zinapha anthu 62. Abusawo sanatseke pakhomo.

Koma chondiwawa n'chakuti amene anawayimitsa paudindo mu 2010 si boma ayi. Anali akuluakulu a mpingo wawo womwe, ati anakatula kukhoti nkhani ya ana obwera opanda makolo asanapemphe chilolezo.