Nkhondo Yakumapeto: Mmene Civilization Yalimbanira ndi Kugonjetsa Dziko

M'masewera a pakompyuta omwe osewera amasuntha asilikali mosinthana, wina akamaliza ndime yake mnzake n'kuyamba, nkhondo yovuta kuikonza bwino ndi yakumapeto. Pofika nthawi imeneyo mapu onse aoneka, malo opanda mwini atha, ndipo wosewera ali ndi akasinja, ndege ndi mizinda yosawerengeka. Nthawi zambiri amakhala atapambana kale, kungoti masewerawo sanavomereze. Chotsala chimakhala kukunkha, kutolera timizinda totsalira kamodzikamodzi mpaka tambala kulira. Malamulo ambiri ankhondo omwe akhala akusinthidwa kwa zaka zoposa 30 anabwera pofuna kuthana ndi kutopetsa kumeneku.

Vutoli linayamba kompyuta isanalowe m'nyumba za anthu. Mu 1957 Albert Lamorisse, wopanga mafilimu wa ku France, anatulutsa masewera a patebulo omwe kampani ya Parker Brothers inawagulitsa kuyambira 1959 ndi dzina lakuti Risk. Dziko analigawa m'zigawo 42, ndipo amene ali ndi zigawo zambiri amalandira asilikali ambiri, choncho wamphamvu amangowonjezera mphamvu. Mu 1977 Walter Bright, akuphunzira ku Caltech, analemba Empire, mmene mzinda uliwonse umapanga zida zake. Ukalanda mizinda yambiri, zida zimachuluka kuposa zomwe mutu umodzi ungakumbukire.

Sid Meier ndi Bruce Shelley anatengera zambiri kwa Empire pamene ankakonza Civilization, yomwe kampani ya MicroProse inatulutsa mu 1991. Masewerawa amayamba m'chaka cha 4000 B.C., ndipo njira zopambanira zinali ziwiri: kutumiza chombo ku Alpha Centauri kapena kufafaniza mitundu ina yonse. Yonse ndithu, ngakhale kamzinda kobisala pa kachilumba komwe sunafikeko. Nkhondo inkayendera mwayi kwambiri, moti msilikali wa mkondo ankatha kuphwanya kasinja, nthabwala yomwe osewera sanaiiwale mpaka lero. Panalinso lamulo lankhanza: ukaunjika magulu ambiri pa kabokosi kamodzi ka pamapu kunja kwa mzinda kapena linga, woteteza akagonja onse ankafera limodzi.

Civilization II ya 1996, yomwe anatsogolera Brian Reynolds, ndi imene inapatsa nkhondo yakumapeto nkhope yake yodziwika. Panjanji asilikali ankayenda mtunda uliwonse popanda kuwononga ndime, ngakhale njanjiyo ikhale ya mdani, ndipo mizinga ikuluikulu yamakono sinkalabadira makoma a mzinda. Wokonzekera bwino ankatha kumeza dziko lonse la mnzake m'ndime imodzi kapena ziwiri: kuphwanya alonda, kulowa, kukwera njanji ya mwini wake, kugogoda pa mzinda wotsatira. Chomugwira mkono chinali ndale za kwawo. Mu ulamuliro wa demokalase nyumba ya malamulo inkatha kusaina mtendere iye asakufuna, ndipo asilikali akakhala kutali anthu m'mizinda ankayamba zipolowe.

Adani akafanana mphamvu zinthu zinkaipa mwa mtundu wina. Mu 2012 nyuzipepala zambiri zinalemba za munthu amene anasewera masewera amodzi a Civilization II kwa zaka 10, mpaka kufika chaka cha 3991. Munatsala maulamuliro atatu, Aselote, Avaikingi ndi Amereka, ali pankhondo ya zaka 1,700. Mabomba a nyukiliya anali atasandutsa minda kukhala madambo, anthu ambiri atafa ndi njala, ndipo kasinja aliyense wopangidwa ankangokalowa m'malo mwa amene waphwanyidwa kumalire. Mwini masewerawo anali atathetsa kalekale demokalase chifukwa aphungu ankamuletsa kumenya nkhondo.

Njira yachidule inali itaoneka kale kwina. M'masewera a Master of Orion a 1993, mitundu inkakumana pamsonkhano n'kuvota, ndipo wopeza magawo awiri mwa atatu a mavoti ankakhala wolamulira onse, nkhondo n'kuthera pomwepo. Civilization III ya 2001 inatsata mzimu womwewo: ukakhala ndi magawo awiri mwa atatu a nthaka ndi a anthu, wapambana. Inaletsanso kugwiritsa ntchito misewu ya mdani, ndipo kasinja anayamba kufuna mafuta ndi labala, moti nkhondo zambiri zakumapeto zinkayambika chifukwa cha kabokosi kamodzi ka mafuta kutsidya kwa malire. Koma itachotsa lamulo lija lofera limodzi, osewera anayamba kuunjika magulu makumimakumi pamalo amodzi n'kumagubuduza chimulu chimenecho kuchoka mzinda uno kupita winawo.

Kwa ine, yankho labwino kwambiri linabwera ndi Civilization IV ya Soren Johnson mu 2005, makamaka chowonjezera chake cha Warlords mu 2006. Mzinda uliwonse wolandidwa unkadya ndalama za boma, choncho wolanda mwadyera ankapezeka thumba lauma, kafukufuku waima. Ndiye mdani akamenyedwa mokwanira ankatha kugwada n'kukhala pansi pa ulamuliro wako, mizinda yake yotsala n'kumaiyendetsa yekha, theka la nthaka ndi anthu ake n'kumawerengedwa kwa iwe. Nkhondo inkatha pamene yathadi. Chimulu chija sichinachoke, ngakhale kuti mizinga inkavulaza magulu angapo a m'chimulumo nthawi imodzi.

Jon Shafer anachiphwasula mu Civilization V ya 2010. Tibokosi tinakhala ta mbali 6, ndipo pa kabokosi kalikonse pankaima gulu limodzi lokha lankhondo, maganizo omwe anatengera ku masewera a Panzer General. Kupambana pankhondo kunasanduka nkhani ya malikulu oyambirira a mitundu basi. Taonani mmene mzinda umagwera m'masewerawa. Mizinga itatu yaima mtunda wa tibokosi titatu, pomwe mzinda sungathe kubwezera. Ndege zikuponya mabomba mpaka mphamvu za mzinda zitatheratu, koma mizinga ndi ndege sizingalowe. Pamafunika gulu limodzi la apakavalo kapena kasinja mmodzi amene wakhala akudikira kuseri kwa phiri, ndipo akaphedwa iyeyo khama lonse lapita m'madzi. Apa panali nzeru zenizeni. Tsoka lake, kudutsitsa magulu 30 pa mpata wa pakati pa mapiri, limodzilimodzi, kunakhala chintchito chatsopano, ndipo kompyuta sinkadziwa kufola bwino asilikali ake, moti wosewera wochenjera ankapha ambiri ndi ochepa.

Civilization VI ya 2016, motsogozedwa ndi Ed Beach, inalola kuphatikiza magulu awiri kapena atatu kukhala limodzi. Chowonjezera chake cha Rise and Fall cha 2018 chinabweretsa kukhulupirika kwa mizinda: ukalanda mzinda wozunguliridwa ndi abale ake, pakangopita ndime zingapo umakuukira, choncho umayenera kuikamo bwanamkubwa ndi alonda kapena kulanda oyandikana nawo msangamsanga. Chowonjezera china, Gathering Storm cha 2019, chinachititsa akasinja kumwa mafuta ndime iliyonse.

Ngakhale zinali choncho, osewera ambiri ankasiyabe masewera panjira n'kuyamba ena atsopano, ndipo a Firaxis, kampani yopanga masewerawa, anavomereza zimenezi poyera. Civilization VII, momwe inatulukira mu February 2025, inadula mbiri m'nyengo zitatu, ndipo nyengo ikasintha nkhondo zonse zinkaima, kuti wotsogola asathawe anzake kwambiri. Mkulu wa asilikali amanyamula magulu angapo n'kukawatula kumalo ankhondo. Ena mwa osewera akale anadandaula kuti akulandidwa chipambano chili m'manja, ndipo dandaulo lawo ndi lomveka: palibe amene amakondwa kuona mzinda womwe wauzinga kwa ndime 20 ukupulumuka chifukwa cha kalendala. M'nyengo yomaliza, kupambana pankhondo sikunkafunanso likulu lililonse. Unkalanda mizinda yokwanira, makamaka ya otsutsana nawe pa ndale, n'kumanga Manhattan Project, kenako n'kumaliza Operation Ivy, dzina la mayeso omwe Amereka anaphulitsira bomba loyamba la haidrojeni ku Enewetak mu 1952.