KHRISIMASI YA PAKATI PA MIZERE

Akuluakulu adati kwa eni kulibe mkuwe, mutu wa nkhuku n'chiwalo. Mwambi umenewu ndidaumvetsa chaka changa choyamba ku Chitedze, pamene banja lina la m'mudzi woyandikana ndi siteshoni ya kafukufuku wa zaulimi lidandiitana kukadya nalo Khrisimasi. Pokhala mwana wa m'tauni, ndidayembekeza phwando la masiku angapo, koma chimene ndidapeza ndi mpunga, thobwa, ndi nkhuku imodzi yogawana anthu khumi. Nditapita kukathokoza m'mawa mwake, pakhomo padali zii, onse ali kumunda. Manyazi adandigwira nditamva kuti nkhuku ija ndiyo ankafuna kugulitsa kuti aonjezere ndalama ya feteleza, pamene ine ndidaidya ndikudandaula mumtima kuti yachepa.

Siteshoni imeneyi idatsegulidwa mu 1948, mtunda wa makilomita 16 kuchokera ku Lilongwe pa msewu wa ku Mchinji, ndipo kuyambira pamenepo yakhala ikulandira antchito ochokera m'maboma osiyanasiyana. Alendo otere ndiwo ndikuwalembera, kuti asalakwe monga ndidalakwira ine.

Poyamba tidziwe kuti Achewa a kuno nyengo yao ya zisangalalo idali chilimwe, atatuta chimanga. Ndi pamene ankafulula mowa, kulanga anamwali ndi kuvina gule wamkulu. Disembala ndi mwezi wa khasu, mwezi wopalira ndi kuoka fodya, nkhokwe nayo itayamba kutsika. Khrisimasi idadza ndi amishoni: Adatchi adafika ku Mvera mu 1889 ndi ku Nkhoma mu 1896, Aroma a chipani cha White Fathers adakhazikika ku Likuni mu 1903, kenaka uthenga wao udafika ku Nambuma ndi ku Namitete. Ku Ulaya tsiku la 25 Disembala limagwa m'nyengo yachisanu, minda ikupuma. Kuno lidagwa pakati pa mizere.

Tsono phwando la nthawi yosowa lidafuna ndalama, ndipo ndalamayo idabwera ndi fodya komanso ulendo. M'zaka za m'ma 1920, mzungu wina dzina lake A. F. Barron, wa ku esiteti ya Mbabzi, adayamba kulimbikitsa alimi a m'midzi kulima fodya wa chikopa. Vuto lake n'lakuti ndalama ya fodya imabwera kuyambira mu Epulo, ndipo pofika Disembala imakhala itatha. N'chifukwa chake mayi wanzeru amagula nsalu ndi zovala za ana fodya akamagulitsidwa, nazibisa m'sutikesi mpaka tsikulo. Amuna opita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, ndi ena a Mthandizi opita ku Rhodesia, ankabwerako ndi njinga, masuti ndi magalamafoni. Boma lidaimitsa Wenela mu 1974, ndege itagwa ku Francistown ndi kupha Amalawi oposa 70, komabe mpaka lero mabasi ochokera ku Joni amadzaza m'mwezi wa Disembala.

Nawo gule wa tsikuli ndi wakudza. Mganda udachokera ku perete wa asilikali amene adabwerako ku nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Anyamata adatengera mavalidwe ndi mayendedwe ao, m'malo mwa malipenga a mkuwa naimba mabadza a zikho. Midzi idayamba kuyenderana ndi kupikisana pa Khrisimasi ndi pa Nyuwere, amayi nao akuvina chimtali.

Nanga mlendo ayembekezere chiyani? Madzulo a 24 Disembala anthu amapita ku Misa kapena ku mapemphero, kumene ana amachita sewero la kubadwa kwa Yesu. M'mawa kumakhala tiyi wa mkaka ndi buledi, zimene m'makomo ambiri sizioneka tsiku ndi tsiku. Ana adzakutsatani akuti "Khrisimasi bokosi!" mau otsalira ku mwambo wa Angerezi wopatsa antchito mphatso pa 26 Disembala, motero musungiretu masiwiti kapena ndalama zachitsulo. Masana khamu lonse limakhamukira ku Nsaru, Mpingu, Kabudula kapena Namitete kukaonetsa zovala zatsopano, ndipo kumeneko oledzera sasowa. Usiku wa 31 Disembala ambiri amachezera m'matchalitchi, nthawi ikakwana 12 koloko ng'oma ndi zitini zimalira mudzi wonse. Kukacha, udzu m'munda umakhala ukudikira.

Choncho mukaitanidwa musapite chimanjamanja. Nyamulani shuga, mchere, sopo kapena buledi, ndipo chiwalo chimene akupatsani muchilandire ndi manja awiri podziwa kumene chachokera. Ine chaka chotsatira ndidabwerera ku banja lija nditanyamula nkhuku ziwiri. Mayi a pakhomopo adaseka, nati, "Zikomo bambo. Imodzi tidya lero, inayo tiisiye iikire."